Kwa a kampani yotola zinyalala kwathu kuno ku Chimwankhunda

Abwana, ndalemba pano pagulu chifukwa ku ofesi kwanu ndaimba foni kangapo, ndipo nthawi zonse amangondiuza kuti nkhaniyi aifikitsa kwa akuluakulu.

Pamene munkatilembetsa, munati tizisiyanitsa zinyalala: zowola pazokha, mabotolo ndi mapulasitiki pazokha, mapepala ndi makatoni pazokha. Munalonjeza kuti zowola muzikapangira manyowa, zinazo muzikagulitsa kwa ozikonzanso, kumtaya kuzipita zotsala zokha. Ine ndinalembetsa chifukwa cha mawu amenewo, ngakhale anyamata a wilibala amatola motchipa kuposa inu.

Pakhomo panga tinaigwira nkhaniyi ndi manja awiri. Mwana wanga wamkazi amatsuka mabotolo a mafuta ophikira, kuwayanika padzuwa, n'kuwalonga m'thumba lawo. Makoko a nthochi ndi a mbatata, zotsala za masamba, phulusa la pambaula, zonsezi zili ndi chidebe chake. Koma Lachiwiri lapitali ndinali panyumba ndipo ndinaona ndi maso angawa: anyamata anu anakhuthulira matumba onse atatu mu lole imodzi, makatoni ouma aja n'kumanyowa ndi madzi onunkha a zowola. Nditafunsa, mmodzi anandiyankha mwaulemu ndithu kuti iwo amangopita nazo kumtaya wa ku Mzedi, kwina sakudziwako. Anyamatawo sindikuwada ayi, ndi otumidwa, ndipo ankagwira zonsezi ndi manja opanda magolovesi.

Inu mukudziwa kuposa ine kuti katoni ikanyowa ndi zowola wogula saifunanso, ndipo manyowa osakanikirana ndi magalasi osweka ndi majumbo palibe mlimi angawathire m'munda. Mukudziwanso mmene kulili ku Mzedi. Aliyense wodutsa msewu wa ku Zomba amauona utsi uja, amawaona amayi ndi ana akufukula mulu wa zinyalala pakati pa ntchentche kufuna chogulitsa. Ndiye kuti botolo lomwe mwana wanga analitsuka bwinobwino, mwana wa mnzanga akalifukule m'zonyansa kuti apeze ya mchere? Mukanangowapatsa thumba lija lili loyera.

Chondipweteka kwambiri ndi zowolazi, chifukwa ndizo zimachuluka m'zinyalala za m'makomo mwathu. Fetereza wakwera mtengo moti abale athu kumudzi akupanga manyowa a Mbeya, kusakaniza ndowe, gaga, phulusa ndi fetereza pang'ono kuti akwanire munda. Anthu akuvutika chonchi kufuna chonde, inu mukutenga chonde chomwecho pakhomo panga, ndakulipiraninso, n'kukachitaya kuti chizikanunkha.

Za mapulasitiki ndiye musanene. Boma linaletsa opyapyala aja mu 2015, Khoti la Supreme linavomereza chiletsocho mu 2019, koma adakali mbwee m'misika, m'ngalande ndi mumtsinje wa Mudi. Ife a mu Blantyre amene tinaona kolera ndi namondwe Freddy mu 2023 tikudziwa zomwe ngalande yotsekeka imachita. N'chifukwa chake ndinkaona ngati kulipira inu n'kuchitapo kanthu.

Tiuzeni poyera, pano pomwe: malo anu opangira manyowa ali kuti, ndipo tingabwere liti kudzawaona? Mabotolo athu mumagulitsa kwa ndani? Ngati mulibe lole yachiwiri, bwanji osagawa masiku, zowola tsiku lake, zouma tsiku lake? Ngati zosiyanitsazi munazisiya, nenani chilungamo, mutsitse mtengo, tisamavutitse ana pachabe.

Podikira yankho lanu, ndalama ya mwezi uno ndayamba ndaisunga. Mabotolo ndikupereka kwa amayi ogulitsa thobwa apafupi nafe, ndipo zowola ndazikumbira dzenje kuseri kwa nyumba. Lachiwiri likubwerali ndidzakhala pageti kudikira lole yanu.