Kamudzi kathu ka pansi pa mtengo wa mapichesi

Dedza
12 Disembala

Wokondedwa mdzukulu wanga,

Ndine agogo ako aakazi. Uli bwanji kumeneko? Ife kuno tili bwino, agogo ako aamuna nawonso akudzuka bwino. Khala pafupi ndi amayi ako akuwerengere kalatayi pang'onopang'ono. Akafika pa mawu amene sukuwamva, uwaimitse, uwafunse. Ndalemba m'Chichewa dala kuti makutu ako asaiwale.

Chithunzi chako ndachiona. Amalume ako anandionetsa pa foni Lamlungu titaweruka kutchalitchi, ndipo ndinawauza kuti achikulitse ndi zala kuti ndione bwino kachitseko kaja ka khungwa. Kanyumba kokongola bwanji! Padenga wayalapo ndere zobiriwira, timiyala wandanditsa kuchokera pakhomo ngati kanjira. Amayi ako akuti wamangira tianthu ta mapiko ta m'nthano za ku Scotland, timene mumati ma fairy, ndipo akuti ukangofika kuchokera kusukulu umathamangira kukasuzumira ngati tabwera. Akutinso unafunsa kuti, "Nanga kamudzi kathu ka kwa agogo kalipobe? Mukugona ndani?" Funso limeneli ndi limene landikhazika pamkeka ndi cholembera.

Kalipobe, mwana wanga.

Mvula yoyamba inagwa kumapeto kwa Novembala, yamphepo ndi ziphaliwali. Thupi linali m'nyumba koma mtima wanga unali panja, pansi pa mtengo wa mapichesi. Kutacha ndinapitako ndisanasese n'komwe pabwalo. Tinyumba tiwiri tija tapirira. Kachitatu, kaja tinamata mothamanga tsiku loti mawa lake mukunyamuka, khoma lake la kumbuyo linagumuka. Ukudziwa chifukwa chake? Tiwiri tija tinatimata ndi dothi la pachulu. Dothi limenelo chiswe chinaliponda kale ndi tikamwa take, n'chifukwa chake likauma limalimba gwa. Komanso agogo ako aamuna pofolera anatulutsa udzu kunja kwambiri, kuti madzi a padenga azigwera patali ndi khoma. Khonde ntchito yake ndi imeneyo, si yongokhalapo anthu pocheza ayi. Kachitatu kaja tinangotapa dothi lamchenga la pabwalo, denga lakenso linali lalifupi. Msuweni wako wamkulu wakakonza. Anazikanso timitengo, n'kumanga ndi luzi monga anachitira agogo ako, ndipo ine ndinazira pansi ndi dothi lakuda la kudambo, n'kusalaza ndi kamwala kaja unatola kumtsinje.

Kankhokwe ka nsungwi sikanagwedezeke n'komwe, chifukwa kali pamiyala monga zimakhalira nkhokwe zenizeni.

Za ting'ombe tako ta dongo ndikuuze zoona. Tinalipo tisanu. Titatu ndinatilowetsa kukhitchini, ndinatikwirira m'makala usiku wonse, ndipo tinatuluka tofiirira, tolimba, malinunda ake ali chilili. Tiwiri tija unati titsale m'khola tizilondera mudzi, mvula inatisungunula. Panangotsala minga ya mthethe ija unabaya pamutu kuti ikhale nyanga. Dongo losawotcha limatero likanyowa. Mphika umene ndimaphikira nyemba ndi dongo lomwelo, koma unapsa pamoto waukulu, n'chifukwa chake madzi sauchita kanthu. Usadandaule, kudambo dongo lilipo lambiri, tidzaumba tina.

Tsopano tamvera bwino, chifukwa apa ndi pamene ndakhala ndikufunitsitsa kukuuza.

Patapita masiku awiri chigwereni mvula ija, ndinadzuka m'mamawa n'kupeza pakhomo pa kanyumba kako pali mbwee timapiko. Tating'ono, topyapyala, toonekera ngati galasi, tina titamatirira pakhoma lonyowa. Ndinaima chilili, ndinati, mdzukulu wanga akanakhala pano akanalumpha mpaka kumwamba. Ndinatola tingapo mosamala n'kutiika m'kabokosi ka machesi, ndipo kali m'sutikesi yanga kudikira iwe.

Eni ake a mapikowo ndi ngumbi. Zimakhala m'chulu, mumdima, kudikira mvula yoyamba. Nthaka ikanyowa zimatuluka madzulo zambirimbiri, n'kuuluka kamodzi kokha pa moyo wawo wonse. Zikatera zimathothola mapiko awo zokha, kenako yaimuna ndi yaikazi zimatsatana, ina patsogolo ina pambuyo, kufunafuna malo okumba kuti ziyambe mudzi wawo watsopano. Zambiri zimadyedwa ndi nkhuku, achule ndi mbalame, zina timagwira ife n'kukazinga ndi kamchere. Koma zina zimapulumuka, ndipo chulu chachikulu chija tinatapapo dothi chinayamba choncho, ndi ngumbi ziwiri zokha.

Tianthu ta mapiko ta kwanuko maso anga sanationepo. Koma kanyumba kako sikagona kopanda munthu. Mwini wake weniweni tsopano ndi chule wonenepa, amene amalowa kukacha n'kutuluka dzuwa likalowa. Masana amakhala duu pakona, maso okha ali phethiphethi. Kanyumba kachiwiri mwalowa bongololo, amene ndikamukhudza ndi kaudzu amadzipinda ngati nkhata. Buluzi amabwera kudzaothera dzuwa padenga. Nkhono inadutsa pa kanjira kako usiku wina n'kusiya mzere wonyezimira kuyambira kukhola mpaka pa kankhokwe. Onsewa sabwera ukamapanga phokoso. Ine ndimatenga kampando, ndimakhala chete ngati ndikusankha nyemba, ndiye amayamba kutuluka mmodzimmodzi. Nawenso ukayesere pa kanyumba kako. Panopa kwanuko kukuzizira ndipo amayi ako akuti dzuwa likumalowa isanakwane 4 koloko, choncho tizilombo tambiri tabisala. Kukayamba kufunda udzaona.

Chinthu chimodzi usaiwale ukadzabwera: kuno sitipisa dzanja m'kanyumba kapena pansi pa mwala tisanayang'ane. Namkalizi ndi chinkhanira nawonso amakonda malo amdima, ndipo akaluma zimapweteka kwambiri. Timayamba tagogoda ndi kamtengo.

Nkhani ya tianthu tating'onoyi yandikumbutsa zimene ankatiuza agogo anga ife tili ana, titazungulira moto. Ankati kalekale, Achewa asanadzaze dziko lino, m'mapiri muno munkakhala anthu aafupi msinkhu otchedwa Akafula, odziwa kusaka nyama ndi kufula uchi. Ena ankawatcha Amwandionerapati. Akuti ukakumana naye m'njira ankakufunsa kuti, "Mwandionera pati?" Iwe unkayenera kuyankha kuti, "Ndakuonerani patali, uko mukutsika phiri!" Akamva choncho ankakondwa, chifukwa ndiye kuti ndi wamtali woonekera patali. Ukanena kuti wamuonera pompano ankakwiya. Amenewa sanali a m'nthano chabe ngati Kalulu ndi Fulu ayi. Anali anthu enieni, okhala ndi ana ndi zidzukulu ngati iwe. Anasiya zojambula zofiira pa matanthwe a ku Chongoni, kuno ku Dedza komwe, ndipo pambuyo pake makolo athu Achewa anajambulaponso zawo zoyera. Malo a zojambulazo alipo 127, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la malo ofunika kusungidwa pa dziko lonse. Ulendo wathawu nthawi inatichepera. Ukadzabweranso tidzapita ku Chentcherere ukaone ndi maso ako, koma osakhudza ndi zala.

Tsiku lija tinkamanga unandifunsa kuti ndinaphunzira kuti kumanga tinyumba. Ndinangoseka chifukwa manja anali ndi matope. Ndikuyankhe lero. Ndinaphunzira kumasanje.

Anthu akamaliza kukolola, m'miyezi yozizira ngati ija munabwera inuyi, ife ana tinkapita m'minda kukakunkha chimanga ndi mtedza zimene akuluakulu anasiya. Kenako tinkamanga timisasa ta mapesi ndi udzu kunja kwa mudzi. Sitinali tating'ono ngati kako ayi, tinkalowamo ndithu chokwawa. Mudzi wonse wa ana unkaima pamenepo, nyumba iliyonse ili ndi bambo wake, mayi wake ndi ana ake. Aang'ono ngati iwe ndi amene ankakhala ana, ndipo ntchito yawo inali kutola nkhuni ndi kulira akamva njala. Anyamata ankapita kutchire kukakumba mbewa ndi kugwira ziwala. Ife atsikana tinkapempha ufa pang'ono ndi mchere kwa amayi athu, n'kusanja mafuwa atatu, kamphika pamwamba, kamthiko m'manja. Utsi unkatilowa m'maso, misozi ili chuchuchu, koma palibe ankafuna kuchoka pamoto.

Ndiye panali fisi! Mnyamata mmodzi wamkulupo ankasankhidwa kukhala fisi. Ankabisala m'tchire, kudikira kuti nsima ipse. Wina akangolengeza kuti kwada, tonse tinkalowa m'timisasa n'kutseka maso ngati tagona, ngakhale dzuwa lili pamutu. Pamenepo umamva "huuuwi!" kumbuyo kwa msasa. Fisi uja ankabwera chokwawa, kutsomphola mtanda wa nsima ndi ndiwo, n'kuliyatsa liwiro, mudzi wonse uli pambuyo pake ndi mapesi, kukuwa. Wina akalira ngati tambala ndiye kuti kwacha, masewera n'kuyambiranso.

Nsima yanga yoyamba ndinaphika kumeneko ndili ndi zaka ngati zakozi. Ndinaika mtanda umodzi pa tsamba la nthochi n'kupita nawo kwa amayi anga. Anasamba m'manja, anakhala pansi, anadya wonse, n'kunena kuti, "Mwana wanga wakula." Mpaka lero ndikamavundula nsima mawu amenewo ndimawamva. Amayi akonso anasewera masanje kuseri kwa nyumba ino. Uwafunse kuti fisi wawo anali ndani, akuuza.

Kadimba kako nakonso kali moyo. Mpiru uja unafesa, umene tinkathirira ndi chitini chobowola ndi msomali, unakula bwino chifukwa mpiru umakonda nyengo yozizira. Ndinathyola masamba okwana dzanja limodzi, ndinatendera ndi nsinjiro, ndipo agogo ako aamuna anati ndiwo za mdzukulu wawo asadye wina aliyense. Mvula itabwera ndinakonzanso timizere tako titatu. Ndabzala chimanga mbewu zitatu, nyemba pambali pake, ndi nthanga imodzi ya dzungu kumapeto. Ndi mmene ankabzalira amayi anga m'munda waukulu. Nyemba zimayanga pa phesi la chimanga, dzungu limayala masamba ake pansi kuti nthaka isaume msanga ndiponso udzu usamere wambiri. Ku mizu ya nyemba kumakhala timibulu ngati timikanda, ndipo timeneto timawonjezera chakudya m'nthaka. Chimanga chatuluka kale, chafika pa chala changa chachitali. Posachedwa chidzapitirira denga la kanyumba kako, ndipo kwa chule uja chidzakhala ngati nkhalango.

Ndikupatse ntchito. Upemphe amayi ako botolo lagalasi la kukamwa kwakukulu, pepala lofewa ndi nyemba zouma zitatu zosaphika. Unyowetse pepalalo, uliike m'botolo, nyembazo uzilowetse pakati pa pepala ndi galasi kuti uziziona. Uike botololo pawindo, m'chipinda chofunda. Pepala lisaume, komanso nyemba zisamire m'madzi, zingaole. Pakatha masiku angapo khungu lidzang'ambika. Uyang'anitsitse chimene chidzayambe kutuluka, muzu kapena tsamba, ndiponso kumene chidzalowere, pansi kapena kumwamba. Ine yankho ndikulidziwa koma sindikuuza. Udzandiuze ndiwe pa foni, m'Chichewa.

Ukamatola zomangira kanyumba kako, uzitola zimene zagwa kale pansi, makungwa, timitengo, masamba ouma. Nthambi yamoyo usathyole. Ukamaliza usambe m'manja usanadye.

Mtengo wa mapichesi uja unauona uli mbulanda wopanda tsamba, lero wavala, ndipo zipatso zake zikupsa. Zina zikumagwera pakati penipeni pa kamudzi kako, apumbwa n'kumadzajompha. Dzulo limodzi linagwera pa kanjira, pafupi ndi khomo, ndipo ndalisiya pomwepo kuti alendo ako adye.

Upereke moni kwa amayi ako ndi abambo ako. Uvale juzi ndi chipewa ukamapita kukaona kanyumba kako. Asuweni ako onse akuti moni, ndipo wamng'ono uja tsiku lililonse amafunsa kuti ndege yako ibwera liti. Timakupempherera madzulo aliwonse.

Ndakusowa kwambiri, mdzukulu wanga.

Ndine,
Agogo ako aakazi