Asilikali akale, musabise ululu ngati mmene anachitira bambo anga

Akonzi,

Ndiloleni malo pa tsamba lanu kuti ndikumbukire bambo anga, amene anatisiya chaka chatha atadwala khansa ya prostate (kachiwalo ka amuna ka pansi pa chikhodzodzo), komanso kuti ndilankhule ndi anzawo amene anavala nawo yunifolomu ndipo akadali moyo. Ndalemba mwezi uno wa November chifukwa pa 11 anthu m'mayiko ambiri amaima chete kukumbukira asilikali ofera ku nkhondo, potsatira tsiku limene nkhondo yoyamba ya dziko lonse inatha mu 1918. Bambo sankaliphonya tsikuli. Ankavala mamendulo awo ngakhale atakhala kuti sapita kulikonse. Iwo ku nkhondo anabwerako amoyo, anatilera, anapuma pa ntchito, ndipo chinawatenga ndi matenda amene akanatha kugwidwa msanga akadalankhula.

Analowa usilikali ali mnyamata, anapuma ali sajeni. Anthu ambiri amaganiza kuti mwana wa msilikali amakulira m'mantha, koma kwathu sizinali choncho. Mwambo unalipo ndithu. Bulangeti lipindidwe ukangodzuka, ndipo akati ufike 5 koloko, ufike isanakwane. Koma dzanja lawo linali lofewa pa ana. Lamlungu madzulo ankakhala pakhomo ndi bulashi, kansalu ndi kachitini ka polishi, n'kundandalika nsapato zathu za kusukulu pafupi ndi majombo awo, kuyambira zazikulu mpaka zazing'ono. Ankakulunga kansalu ku chala, kudonthezapo madzi pang'ono, n'kumazunguliza pang'onopang'ono pamphuno pa nsapato mpaka iwale. Mwini nsapato ankayenera kukhala pambali pawo mpaka atamaliza. Pamenepo mpamene tinkaulula zonse, za mayeso amene talakwa, za mnzathu amene akutivutitsa, pakuti maso awo anali pa nsapato, sankatiyang'ana kumaso, ndiye kulankhula sikunkavuta. Ankamvetsera mpaka umalize, kenako n'kufunsa kuti, "Nanga iwe ukuganiza kuti tichite bwanji?"

Nthawi ina anatumizidwa kunja kukasungitsa mtendere pansi pa bungwe la United Nations, atavala chisoti chabuluu. Ntchito imeneyi si yamasewera, anthu oposa 4,000 aferapo chiyambire mu 1948. Makalata awo ankabwera apo ndi apo, ndipo m'kalata iliyonse mwana aliyense anali ndi mzere wake, womutchula dzina ndi kumufunsa chinthu chimene iye yekha angayankhe. Za zimene anaona kumeneko sanatiuzepo, ngakhale titakula. Amayi ndi amene anadzatiuza pambuyo pake kuti atabwerako ankadzidzimuka chitseko chikamenyetseka, ndipo ankasowa tulo kwa miyezi. Kwa ife anangobwera bambo omwe aja, oseka, ofunsa za makope.

Mawu awo anali akuti, "Msilikali sadandaula." Mawuwa anatilera ndipo ndimawalemekeza. Koma ndi mawu omwewa amene anatilanda bambo nthawi isanakwane, ndipo ndi chifukwa chake ndalemba kalatayi.

Zinayamba ndi kudzukadzuka usiku kupita kukataya madzi. Amayi ankamva chitseko chikutseguka kangapo usiku umodzi, akafunsa ankangoyankhidwa kuti, "Ndi ukalamba basi, gonani." Kenako mkodzo unayamba kutuluka mofooka, ankachedwa kubafa. Kenako msana ndi chiuno. Izinso anazipezera chifukwa, ankati ndi zikwama zolemera zimene ankabereka ali pa ntchito. Ankangomwa mankhwala opha ululu mwakachetechete n'kupitiriza zochita zawo. Ku chipatala tinapita nawo usiku umene mkodzo unatsekeratu, akubuula mmene sindinawamvepo chibadwire. Anawaika kapaipi kotulutsira mkodzo, anawatenga magazi, anawajambula, anadula kanyama kukapima. Zotsatira zitatuluka, dokotala anatiuza mosabisa kuti khansa inali itafika kale m'mafupa.

Kuchokera tsiku limenelo ndaphunzira zinthu zimene ndikufuna bambo aliyense wowerenga nyuzipepala ino azidziwe. Prostate ndi kachiwalo ka amuna okhaokha, kali pansi pa chikhodzodzo ndipo kanazungulira njira ya mkodzo. Munthu akamakula kachiwaloka kamakulanso, n'kumafinya njira ija. Kwa amuna ambiri kukulaku si khansa ayi, ndipo kuli ndi mankhwala ake. Vuto ndi lakuti munthu sungathe kusiyanitsa wekha uli kunyumba, chifukwa zizindikiro zimafanana. Choopsa kwambiri n'chakuti khansayi ikamayamba nthawi zambiri sipweteka, siionetsa chilichonse. Munthu akamafika pomva kuwawa kwa msana ndi chiuno chifukwa cha iyoyo, imakhala itayenda kale. Si matenda osowa. Nthambi ya bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO yofufuza za khansa inawerengera kuti mu 2022 mokha amuna pafupifupi 1.5 miliyoni padziko lonse anapezeka nayo. Chiopsezo chimakwera munthu akapitirira zaka 50, chimakhala chachikulu mwa amuna akuda, ndiponso mwa amene bambo kapena mchimwene wawo anadwalapo. Kwa oterewa madokotala ambiri amalangiza kuti nkhani yoyezetsa aiyambe ali ndi zaka 45.

Kuyezako kumayamba ndi magazi, poyeza chimene amachitcha PSA. Ikakwera sizitanthauza kuti basi muli ndi khansa, imangouza dokotala kuti afufuze mozama. Palinso kupima ndi chala kudzera kumbuyo, kumene amuna ambiri amakuopa ndi kuchita nako manyazi. Ndikumvetsa manyaziwo. Koma n'zakanthawi kochepa, ndipo ine amene ndinaona bambo anga akulephera kudzitembenuza okha pabedi ndikunena kuti manyazi amenewo ndi aang'ono zedi.

Ikagwidwa msanga anthu amakhala nayo moyo zaka zambiri, ena amachiriratu. Bishopu wamkulu Desmond Tutu wa ku South Africa anapezeka nayo mu 1997, sanabise, ndipo anakhala ndi moyo mpaka 2021. Colin Powell, amene anali mkulu wa asilikali ku America, anachitidwa opaleshoni ya khansa yomweyi mu 2003 ali nduna yoona za ubale ndi mayiko ena, n'kubwerera ku ntchito. Ndatchula Powell dala, chifukwa ndikudziwa kuti bambo anga akanamvera msilikali mnzawo kuposa mmene akanamvera ine.

Kwa bambo opaleshoni inali itachedwa. Anawayambitsa jakisoni wochepetsa homoni yachimuna ya testosterone m'thupi, popeza khansayi imakula ndi mphamvu ya homoni imeneyi. Mankhwalawo ankawatulutsa thukuta usiku ndi kuwafooketsa, koma anatipatsa nyengo yabwino imene sitinkaiyembekezera. Ululu unachepa, anayambanso kuyenda, ndipo anaperekeza mdzukulu wawo tsiku loyamba sukulu, atamupolishira okha tinsapato take. Pambuyo pake matenda anabwereranso ndi ukali.

Apa ndifotokozepo za morphine, mankhwala amphamvu opha ululu, chifukwa ndaona mabanja ambiri akuvutika chimodzimodzi. Bambo anaukana. Ankati ndi mankhwala a anthu amene atayidwa kale, ndipo sankafuna kuti mutu wawo usokonezeke pamaso pa ana. Ankangoluma mano, thukuta lili kamukamu, chikhatho chitafinya chitsulo cha bedi. Namwino wina wa chisamaliro cha odwala matenda osachiritsika anakhala nawo pansi n'kuwafunsa mwaulemu kuti, "Sajeni, ku ntchito kwanu akakupatsani chida munkachikana?" Anakhala chete kwa kanthawi, kenako anatsegula pakamwa n'kumwa. Unali wamadzi, womwa maola anayi aliwonse. Unkawamanga m'mimba, ndipo anawapatsa mankhwala ena othandiza pamenepo. Koma usiku umenewo anagona, amayinso anagona. Mutu wawo sunasokonezeke monga ankaopera. Bungwe la WHO linaika morphine pa mndandanda wa mankhwala ofunikira, ndipo kuyambira 1986 lakhala likuphunzitsa kuti ululu wa khansa uzithetsedwa mwa ndondomeko, kuyambira mankhwala ofooka kukafika amphamvu. Akaperekedwa moyenera ndi achipatala, cholinga chake ndi chakuti wodwala apume ku ululu, azitha kukhala tsonga ndi kucheza ndi abale ake.

Masabata amene ululu unagonja ndi amene ndimawasunga kwambiri mumtima. Bambo sankalola kuti dzuwa likwere asanametedwe ndevu, ndiye ntchito imeneyi inakhala yanga. Ankakweza chibwano okha, n'kumandilozera ndi chala pamene lezala laphonya, pansi pa khutu, pakona pa mlomo. Nkhope inali itatha, mafupa ali poyera, koma ndikamaliza ankadziyang'ana pagalasi n'kugwedeza mutu kuvomereza. Pometana pomwepo anandiuza za mapepala a penshoni amene anali mu thilanki yawo yachitsulo, za ngongole yaing'ono imene ankafuna ibwezedwe iwo asanapite, za mmene tiwasamalire amayi. Tsiku lina anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Iwe usadzachite zimene ndachita inezi. Uuzenso ang'ono ako." Bambo anga sanali munthu wobwerera m'mbuyo pa mawu ake, ndiye ndinadziwa kulemera kwa zimene ananenazo.

Pa maliro anabwera anzawo ambiri a ku ntchito, okalamba, ena ndi ndodo, koma ataima mowongoka. Mwambo utatha, angapo anandikokera pambali mmodzimmodzi, aliyense akunong'ona, kufunsa kuti matendawa anayamba bwanji. Ndikamafotokoza za kudzukadzuka usiku ndinkaona nkhope zikusintha. Wina anangoti, "Mwana wanga, zimenezo ndiye zanga." Onsewa amakumana kawirikawiri, amakumbutsana za ku ntchito, amasonkherana wina akaferedwa, koma nkhani iyi aliyense anali nayo yekhayekha.

Kwa inu makolo anga amene munagwira ntchito ya usilikali, ndikupemphani ndi ulemu wonse. Musanatumizidwe kulikonse munkayezedwa m'thupi, ndipo palibe amene ankati kumeneko ndi mantha. Mnzanu akavulala simunkamusiya kuti abise bala. Mukakumana m'magulu anu a asilikali opuma, funsanani za mkodzo, za msana, za tulo, ndipo amene akuzengereza mumuperekeze ku chipatala. Atsogoleri a magulu amenewa aitaneko achipatala pa misonkhano yawo kuti adzafotokoze ndi kuyankha mafunso, pakuti amuna amene sangapite okha amalimba mtima akakhala pagulu la anzawo. Kwa amayi ndi ana, mukamva chitseko chikutseguka kangapo usiku, musalandire yankho lakuti ndi ukalamba. Funsaninso mawa lake, ndipo ngati inu sakukumverani, pezani mnzawo amene amamumvera.

Inunso Akonzi, nkhani ya khansa musamaidikire 4 February, tsiku lokumbukira khansa padziko lonse. Muzilemba za prostate m'chilankhulo chathu, momveka, motchula zinthu mmene zilili, kuti bambo amene sangafunse mwana wake awerenge yekha.

Ine ndinapita kukayezetsa monga anandilamulira bambo, ndipo dokotala wandiuza nthawi yoti ndidzabwererenso. Mng'ono wanga mmodzi anapitanso. Wina akukanabe, akuti ali bwinobwino ndipo sakumva kupweteka paliponse. Nyuzipepala ino amawerenga, ndipo ndikumupempha pamaso pa anthu onse kuti mwezi uno usathe asanapite. Ndidzamuperekeza ndine.

Ine wanu,
Mwana wa malemu sajeni