Lipoti la msonkhano wa aphunzitsi othandiza ana ovutika kukhazikitsa maganizo ndi kulongosola ntchito

A wapampando ndi mamembala nonse,

Munandituma kumsonkhano uja, ndipo nali lipoti langa. Malisiti onse ali kale kwa a msungichuma. Amene akhala akufunsa kuti alawansi inagwira ntchito yanji akawaone kumeneko. Mwambo wotsegulira unali malonje okhaokha, ndipo gawo la mapulogalamu a pakompyuta linali kutsatsa malonda basi. Phindu la ulendowu linali m'gawo la ana a ADHD, vuto limene limachititsa mwana kuvutika kukhazikitsa maganizo, kusakhazikika kapena kuchita zinthu mopupuluma.

Kafukufuku wa Polanczyk ndi anzake wa 2007 anapeza kuti padziko lonse ana pafupifupi 5 mwa 100 aliwonse ali ndi vutoli. Buku la madokotala la DSM-5, la 2013, limati zizindikiro ziyambe mwana asanakwanitse zaka 12, zikhalepo kwa miyezi yosachepera 6, ndipo zioneke m'malo awiri kapena kuposerapo, monga kunyumba ndi kusukulu. Kuyeza ndi kwa madokotala, ife tisamatche ana maina. Koma tikhale tcheru ndi mwana wofatsa, kawirikawiri mtsikana, amene sasokoneza kalasi koma maganizo ali kutali. Ameneyo ndiye amatipulumuka.

Mfundo imene inandigwira mtima ndi ya katswiri Russell Barkley: mwana wotereyu amadziwa choyenera kuchita, chimamukanika ndi kuchichita pa nthawi yake. Ndiye kumubwerezera phunziro kapena kumulangiza sikukwanira. Thandizo liyenera kukhala pomwe ntchito ikuchitikira: m'chikwama, patebulo, pawotchi.

Tiyambe ndi chikwama. Mphindi 10 zoyambirira, mwana akhuthule zonse patebulo. Akhale ndi fayilo imodzi yokha, phunziro lililonse gawo lake ndi mtundu wake, kuphatikiza matumba awiri: lakutsogolo la "zoti ndichite", lakumbuyo la "zoti ndipereke". Mphunzitsi amangochonga mafunso atatu: kodi muli pepala losokonekera? Kodi homuweki yalembedwa m'kope limodzi ndi tsiku lopereka? Kodi mabuku ofunika abwera? Njirayi ndi yofanana ndi ya Howard Abikoff ndi Richard Gallagher, komanso ya HOPS ya Joshua Langberg, yophunzitsa ana kulongosola homuweki ndi zinthu zawo za kusukulu. Imalephereka mafayilo akachuluka, imalepherekanso mphunzitsi akamasanja yekha pofuna kufulumira, chifukwa mwanayo amangoonerera. Choipitsitsa ndi kusiya kuyendera zinthu zikangoyamba kuoneka bwino. Kuyenderako kuchepe pang'onopang'ono: tsiku lililonse, kenako kawiri pa sabata, kenako kamodzi.

Nthawi ndiye nkhani yaikulu. Njira ya Pomodoro ya Francesco Cirillo imati mphindi 25 za ntchito ndi 5 zopuma, koma kwa ana ambiri oterewa 25 ndi phiri. Yambani ndi 10, apume mphindi 2 kapena 3, ndipo muwonjezere pokhapokha akamakwanitsa. Wotchi ikhale pamaso pake, osati m'thumba mwa mphunzitsi. Popuma aimirire, atambasule miyendo, koma asakhudze foni. Akaigwira, maganizo sabwereranso. Asanayambe ntchito alosere kuti itenga mphindi zingati, alembe, ndipo akamaliza alembe nthawi yeniyeni pambali pake. Mwana amene amati "mphindi zisanu zokha" akaona 5 ndi 22 zili moyandikana m'kope lake lomwe, samatsutsanso.

Ntchito idulidwe mpaka ikhale chinthu chimene dzanja lingayambe pompo. "Lemba chimangirizo" n'chachikulu kwambiri. "Lemba mitu itatu ya ndime" ndiye n'chogwirika. Ngati tsamba lili ndi masamu 20, lipindeni kuti aoneke 5 okha, ndipo yoyamba muichitire limodzi, pakuti povuta penipeni ndi poyambira. Malangizo akhale amodzi kapena awiri, ndipo mwana awabwereze pakamwa. Nelson Cowan analemba mu 2001 kuti munthu amasunga m'mutu zinthu pafupifupi zinayi panthawi imodzi. Nanga bwanji mwana amene mutu wake umataya zinthu msanga? Pokonzekera mayeso, atseke buku n'kunena kapena kulemba zimene akukumbukira. Roediger ndi Karpicke anaonetsa mu 2006 kuti kudziyesa kotereku kumasunga zinthu m'mutu nthawi yaitali kuposa kuwerenga mobwerezabwereza.

Msonkhano unagwirizana kuti makolo azilandira lipoti sabata iliyonse. Ine sindinakhutire nazo. Kwa mwana wa ADHD, Lachisanu lili kutali kwambiri ndi Lolemba. Kakhadi ka tsiku ndi tsiku ka zolinga zitatu, chiyamiko chake n'kubwera tsiku lomwelo, ndiko kamagwira ntchito, ndipo kulemba kwake sikutenga mphindi ziwiri.

Tsono tibwere kwathu kuno. Lamulo lathu lochotsa mwana amene sanabweretse homuweki katatu likuthamangitsa ana omwewo amene gulu lino linakhazikitsidwa kuti liwathandize. Ena atero kuti tikalichotsa ana atayirira. Kodi mwana amene homuweki waichita, koma yakwinyika pansi pa chikwama, watayirira? Chimodzimodzinso maphunziro athu a maola awiri osapuma: akukomera ndandanda ya aphunzitsi, osati ana. Ndipo pepani, ndinenanso za mawotchi a patebulo amene tinapempha kalekale. Komiti inati ndalama palibe, koma ya zikwangwani inapezeka, ndipo mpaka lero yankho lolemba sitinalandire. Zipinda nazonso: mwana wosakhazikika timamukhazika pafupi ndi khomo, pomwe aliyense amadutsa, chifukwa makalasi a mayeso anatenga kachipinda kachete kaja popanda kutifunsa.

Gawo la mankhwala linali la madokotala. Ife chathu ndi kulemba zimene tikuona ndi kuuza makolo. Gawo lomaliza linali la zithunzi ndi masatifiketi.

Ndikupempha kuti pamsonkhano wathu wotsatira tivotere lamulo la homuweki lija, tigawe maola awiriwa m'zigawo zifupizifupi, ndipo a msungichuma abwere ndi yankho la mawotchi. Mapepala ochongera chikwama ndi chitsanzo cha kakhadi ndasiya kwa a mlembi kuti aliyense ajambulitse.