Lipoti la msonkhano wa ku Hämeenlinna wokonza ulendo wathu wa mu Julaye

A wapampando, a msungichuma, amayi ndi abambo nonse,

Monga munandituma, Loweruka lapitali ndinakakhala nawo pa msonkhano wa nthumwi za magulu athu a kuno ku Finland, ife a ku Helsinki pamodzi ndi anzathu a ku Tampere, Turku ndi Jyväskylä. Tinakumana ku Hämeenlinna. Ndinakwera sitima ya m'mawa, ndipo patangodutsa ola limodzi ndinali nditafika. Malisiti a tikiti ndi a nkhomaliro ndapereka kwa a msungichuma, chenji chonse ndabweza. Ndayamba ndi zimenezi dala, chifukwa zinandifika m'khutu kuti ena amati nkhaniyi tikanangokambirana pa foni. Malo okagonekako ana athu sungawasankhe pa chithunzi.

Chigawo cha m'mawa chinali cha inshulansi ndi malamulo a kubweza ndalama munthu akalephera kupita. Pepala lake ndiliika pa gulu lathu la WhatsApp.

Mkangano weniweni unali wa kopita. Anzathu a ku Jyväskylä ankafuna Savonlinna, ku nyanja ya Saimaa, kuli linga la Olavinlinna lomwe anayamba kumanga mu 1475. N'zoona kuti kumeneko n'kokongola. Koma kuchokera ku Helsinki ndi maola oposa anayi pa sitima, kusinthanso ku Parikkala, ndipo mu Julaye kumadzaza alendo obwera ku zoimba za m'lingamo, malo ogona n'kukwera mtengo. Ulendo wathu ndi wa masiku awiri okha. Tikathere tsiku lathunthu pa mpando wa sitima ndi makanda? Ine ndinaimirira n'kunena kuti ayi, ndipo a ku Tampere ndi a ku Turku anandivomereza. Tinagwirizana za Hämeenlinna, kumapeto a sabata yomaliza ya Julaye, kugona usiku umodzi.

Titadya anatitenga kukaona linga la Häme, ndipo apa mundilole ndikhalitsepo. Lili m'mphepete mwa nyanja ya Vanajavesi, ndipo anayamba kulimanga chakumapeto kwa zaka za m'ma 1200. Pansi pake ndi miyala yotuwa ikuluikulu, pamwamba ndi njerwa zofiira zootcha. Bambo anga ankaumba njerwa kwathu, ine ndinakula ndikusenza zikombole ndi kusonkhezera moto pa uvuni usiku wonse. Nditafika pa khomalo ndinaligwira ndi dzanja. Njerwa zake n'zokulirapo kuposa zathu, zina zakuda m'mbali momwe moto unapsereza, ndendende ngati zija timazipeza pafupi ndi khomo la uvuni. Munthu wina zaka mazanamazana zapitazo anaponda dothi, naliumba, naliwotcha monga ankachitira bambo anga, ndipo khoma lake likadali chiimire. Anzanga anapitirira, ine ndinatsala pamenepo kanthawi. Ndikufuna ana athu obadwira kuno, amene sanaonepo uvuni ukufuka utsi, akaime pa khoma limenelo wina awafotokozere.

Lingali linakhalanso ndende mpaka mu 1972, ndipo pafupi pake pali nyumba ina yomwe inali ndende, pano anthu amalowamo kukaona momwe akaidi ankakhalira. Msonkhano unaika malowa pa pulogalamu ya aliyense. Ine sindinagwirizane nazo. Zipinda zake n'zopanikiza, ndipo ana ang'onoang'ono alibe chokatolamo. Maganizo anga ndi oti achinyamata ndi akuluakulu alowe, ana atsale panja pa kapinga ndi makolo awiri kapena atatu. Ndati makolo, sindinati amayi. Chaka chatha pa pikiniki ija amayi anaphika, anatsuka mbale, analera ana, abambo tili pa mthunzi kukamba za mpira. Inenso ndinali pomwepo ndipo sizinali bwino.

Mzinda wa Hämeenlinna unakhazikitsidwa mu 1639, ndipo njanji yoyamba ya m'dziko muno, ya mu 1862, ndi yomweyi tidzakwere kuchokera ku Helsinki. Jean Sibelius, katswiri wopeka nyimbo, anabadwira konko mu 1865, nyumba yake ili pakati pa tauni, koma ife tinangodutsa panja. Za fakitale ya magalasi ya ku Iittala, yomwe inayamba mu 1881, ndi tchalitchi chakale cha njerwa cha ku Hattula chodzaza zithunzi m'makoma, tinati aliyense wofuna adzapite payekha Lamulungu masana.

Kumene mtima wanga unatsala ndi ku Aulanko, tsidya lina la nyanja. Ndi nkhalango yomwe msilikali wina wachuma, Hugo Standertskjöld, anayamba kuikonza m'ma 1880, nakumbitsa maiwe ndi kubzala mitengo. Pamwamba pa phiri pali nsanja ya miyala yotalika mamita 33, yomangidwa mu 1907. Ukakwera umaona nyanja ili phee pansi, mitengo mbali zonse mpaka kumene maso alekezera. Kutsika masitepe a miyala umakafika pa phanga pomwe anasemapo zimbalangondo, ana adzakondwa nazo. Agogo athu awiri aja masitepewo sangawathe, koma galimoto imafika pafupi ndi nsanja.

Kumapeto kwa Julaye mustikka, tizipatso takuda tija ta m'tchire, timakhala tayamba kupsa, ndipo lamulo la kuno limalola aliyense kuyenda m'nkhalango ndi kuthyola zipatso. Kuwedza ndi mbedza ya nyongolotsi nakonso n'kwaulere. Koma moto ayi. Sungasonkhe paliponse popanda chilolezo cha mwini malo, ndipo akalengeza chenjezo la moto wa m'nkhalango ngakhale pa malo owotchera nyama ambiri saloleza. Choncho amene mumaganiza zonyamula mbaula, tifunse kaye eni nyumba zogonazo. Udzudzu uliko wambiri madzulo, wopanda malungo, koma nkhupakupa ndiye zofunika kuyang'ana pa miyendo ya ana pobwera ku tchire. Madzi a Vanajavesi si a ku Salima, amazizira, ndipo mwana aliyense wokwera bwato avale jekete yoyandamitsa.

Tsopano za tsiku. Ndikudziwa kuti ambiri kuno munkafuna ulendowu ugwirizane ndi 6 Julaye kuti tikakondwerere ufulu wa dziko lathu konko. Ndinakanena monga munanditumira, koma tinagonja, popeza anzathu a ku Zambia amene ali m'magulu enawo tsikulo si lawo, komanso ogwira ntchito m'nyumba zosamalira okalamba anati mashifiti a kumayambiriro kwa Julaye anatuluka kale. Kunena zoona ine ndikuona kuti anaganiza bwino. Chikondwerero cha 6 Julaye tichite kuno monga mwa masiku onse.

Chomwe chinandichititsa manyazi ndi nkhani ya dipoziti. Gulu lililonse linafunsidwa ngati lingapereke gawo lake pofika kumapeto kwa Meyi, ndipo nthumwi zina zinayankha pomwepo. Ine ndinachita chibwibwi, chifukwa ndikudziwa kuti ndalama ija tinabwereka ku thumba la maliro pa ulendo wa chaka chatha mpaka lero sinabwerere yonse. Tinalonjezana miyezi itatu. Thumba limenelo ndi loti mnzathu akatisiya kuno thupi lake likafike kumudzi, si lolipirira basi. Sindikutchula munthu, aliyense akudzidziwa. Koma ine sindidzavomera kuti tigwirenso thumba limenelo, ndipo ndikupempha komiti kuti amene sanabweze ya chaka chatha ayambe abweza asanalembetse ulendo uno.

Mayina a opita, ndi zaka za ana, afike kwa alembi pasanathe masabata awiri kuti ndikauze anzathu a ku Tampere chiwerengero cha mabedi. Amene ali ndi galimoto ndipo angathe kunyamula agogo anene msanga.

Ine nthumwi yanu.