Khadi latha, koma chipatala chilipo

Mwana wanga,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Luchenza, iwe ndi adzukulu anga. Kuno ku Chitakale tilipo, kungoti chiperoni chatipanikiza sabata yonse.

Achemwali ako andiuza kuti chisiyireni ntchito ija khadi la MASM, lija linkakulipirira kuchipatala, linasiya kugwira, ndipo sunapondenso pachipatala. Akuti mutu ukamawawa umangogula Panado pagolosale. Nkhani imeneyi yandisowetsa tulo. Bambo ako BP inawalowa mwakachetechete, akudya bwinobwino, akupita kumunda, mpaka tsiku limene anadzuka mkono ndi mwendo zitafooka. Iweyo ndi magazi awo.

Kuchipatala cha boma salipiritsa, ndipo safunsa khadi la kampani. Chimene amafuna ndi kabuku kakuchipatala kaja. Kasunge mujumbo kuti kasanyowe, chifukwa adokotala amaona mmenemo zimene unadwalapo ndi mankhwala amene unamwa. Lawira kusanache, utenge kambatata ndi madzi, pakuti mzere umatalika. Nthawi yako ikafika usangonena za mutu n'kutuluka. Pempha akuyeze BP ndi shuga, alembe manambalawo m'kabukumo. Anthu ambiri amachita manyazi kupempha, ngati akuvutitsa anamwino, chonsecho kuyeza BP n'kongomanga kalamba pamkono basi.

Pali chinanso chimene amayi amakonda kuzengereza: kuyezetsa khansa ya khomo la chiberekero. Amapaka viniga n'kuyang'ana, sizitenga nthawi, ndipo akapeza kachizindikiro koyambirira amatha kukuthandiza matenda asanakule. Ndaperekeza maliro a amayi anzanga amene anapita kuchipatala magazi atayamba kale kutuluka. Sindikufuna zimenezo pa iwe. Kuyambira 2019 boma limaperekanso katemera wa HPV, woteteza ku khansa imeneyi, kwa atsikana, kuyambira a zaka 9. Funsa alangizi a zaumoyo a m'dera lako za mdzukulu wanga wamkuluyo.

Zipatala za mishoni, monga Malamulo ku Makwasa kapena Mulanje Mission, zimalipiritsa, choncho uzifunsiratu mtengo asanayambe kukuthandiza. Ngakhale kwa boma, nthawi zina amakulembera mankhwala kuti ukagule kufamase. N'chifukwa chake ndikuti pa phindu la geni yakoyo uzipatulako kangachepe, uziika kubanki m'khonde kapena pafoni, ndipo ndalama imeneyo isakhale ya ndiwo.

Makapisozi a pamsika, amene amakhala padzuwa tsiku lonse, usawayandikire. Mwana akatentha thupi, ayambe wabayidwa kachala, adziwe ngati ndi malungo. Akakupatsa mankhwala a malungo a LA, mwanayo amwe masiku onse atatu, ngakhale atayamba kusewera pa tsiku lachiwiri.

Loweruka ndikutumizira nanazi ndi mapeyala pa minibasi. Ukapita kukayezetsa undiimbire, undiwerengere manambala amene akulembera.

Ndine mayi ako.