Kalata kwa Tadala: za timoogle ndi ena amene sayamikidwa

Wokondedwa mphwanga Tadala,

Ndikukulembera kalatayi kuti ikupeze pa tsiku limene ukukwanitsa zaka 8, ndipo ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi amayi ako, agogo ndi kamchemwali kako. Ine kuno ku Johannesburg ndili bwino, kungoti ndakusowa kwambiri. Amayi ako anandiuza pa foni kuti gemu ija ya Final Fantasy IX imene ndinakusiyira pa tabuleti ukuisewerabe Loweruka lililonse, ndipo akuti tsopano wafika mumzinda wa Burmecia. Kodi ndi zoona? Wafika wekha, kapena amayi ako amakuwerengera Chingerezi chija monga ndinkachitira ine? Anandiuzanso kuti anzako akabwera mumakangana kuti wamphamvu ndani pakati pa Zidane wamchira uja ndi Vivi wachipewa chosongoka. Ine nditamva zimenezi ndinaseka, koma kenaka ndinadandaula pang'ono, chifukwa pa mkangano wanu wonsewo palibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula timoogle, tizilombo tating'ono taubweya tija timene timakuthandiza m'gemumo.

Dzulo masana kuno kunagwa chimvula chamabingu ndi matalala. Kunja kunada bii ngakhale kuti inali nthawi ya nkhomaliro, ndipo matalalawo ankagunda malata mwamphamvu kotero kuti munthu sukanamva mnzako akulankhula pafupi nawe. Ena ankadumpha pa udzu, ena nkumagubuduka mpaka pakhomo, ndipo mphaka wa anthu oyandikana nane anathawira pansi pa galimoto, nkumangosuzumira ndi diso limodzi. Madzi anadzaza ngalande nkuyamba kuyenda pamsewu atanyamula masamba. Ine ndinaima pawindo nthawi yaitali ndikuganiza za iwe ndi za Burmecia, chifukwa kumeneko mvula siikata usana ndi usiku. Kodi waona mmene madzi amatsetserekera pa makoma a nyumba zogumuka zija, zimene eni ake anathawamo chifukwa cha nkhondo? Uyende pang'onopang'ono mumzindamo, ulowe m'zipinda zonse, pakuti m'chipinda china ukumana ndi Stiltzkin, kamoogle kachikwama kumsana kamene unakaona koyamba m'nsanja ya belu ku Alexandria.

Stiltzkin ameneyu ndi wapaulendo, sakhala pamodzi. Ukamupeza adzakupempha kuti ugule zinthu zitatu pamodzi pa mtengo wa 333 gil, ndalama za m'gemumo, kuti iye apeze ndalama zopitirizira ulendo wake, ndipo ine ndikukupempha kuti ugule ngakhale uzione ngati zosafunika kwenikweni. Udzakumana nayenso kwina, mtengo uli 444, kwinanso 555, ndipo amene wagula nthawi zonse osaphonya amalandira mphatso yabwino pamapeto. Koma funso langa ndi ili, mphwanga: kanthu kakang'ono chotere, kopanda lupanga ndiponso kopanda matsenga, kanadutsa bwanji pakati pa zilombo zija zimene inu gulu lonse munavutika nazo, mpaka kufika mumzindamo? Kankagona kuti? Nanga mvula yonse ija, chikwamacho sichinanyowe? Anthu amaombera m'manja Zidane chifukwa amamenya nkhondo aliyense akuona, koma ulendo wa Stiltzkin ndi wautali ngati wake womwe, ndipo iye amauyenda yekha.

Tsopano ndikufotokozere chifukwa chimene ine ndimalemekezera timoogle kuposa onse. Gemu imeneyi inatuluka mu 2000, iwe usanabadwe ndiponso amayi ako akadali pasukulu, ndipo inali pa makina otchedwa PlayStation, pa madiski anayi. Masiku amenewo panalibe zoti gemu imasunga yokha pamene wafika monga imachitira pa tabuleti yakoyo. Ukafuna kuti mawa udzayambire pamene walekezera, unkayenera kupeza kamoogle ndi kukapempha kuti kakusungire. Magetsi akazima usanakapeze, zonse zimene unachita madzulo amenewo zinkapita, nkhondo zimene unapambana ndi chuma chimene unatola, nkuyambiranso kumbuyo. Ndiye tangoganiza mmene mtima unkakhalira pansi ukatuluka m'phanga loopsa, anthu ako onse atafooka, nkuona patsogolo kanthu koyera kaubweya, ka timapiko tonga ta mleme, kampira kofiira kakugwedezeka pamwamba pa mutu wake. Ulendo wina ukakapeza, usafulumire kudina batani. Uonetsetse mmene kamatulutsira chibuku chachikulu pafupifupi ngati iko komwe nkuchitsegula pamaso pako, pakuti m'bukumo ndi mmene mumasungidwa ulendo wako wonse. Ndi komwekonso kamene kamakulola kugona mu tenti kuti anthu ako apezenso mphamvu. Pa ntchito yonseyi sikalipiritsa ngakhale gil imodzi, kamangoti kupo, basi.

Palinso kamoogle kotchedwa Moguo, amene amabwera chothamanga kuchokera kutali ukaliza chitoliro uli kutchire, kunja kwa mizinda. Kaya uli kuchigwa, kaya m'mbali mwa nyanja, iye amafika ndithu. Ndikudziwa kuti iwe umakonda zoseka, ndiye ndikuchenjezeretu kuti ukamamuitana mobwerezabwereza popanda chifukwa amakwiya, ndipo ine sindimuimba mlandu. Kodi iwe amayi ako akakuitana uli kusewera ku bwalo, nkufika iwo nkunena kuti palibe kanthu, ungasangalale?

Nanga makalata aja ukuwapereka? Timoogle timalemberana makalata, ndipo dongosolo lawo la mtengatenga limatchedwa Mognet. Kalata yoyamba ija anakupatsira Kupo ku Alexandria kuti ukapereke kwa Monty m'nkhalango yoipa ija, kodi unaifikitsa? Munthu amatha kunyamula makalata atatu okha pa nthawi imodzi, choncho usamawasunge nthawi yaitali. Ukapereka, mwini kalatayo amakulola kuti uwerenge naye, ndipo mmenemo umamva nkhani zimene anthu otchuka aja sakuuza: wina akudandaula kuti kwawo kwavuta, wina akufunsa ngati mnzake ali moyo pambuyo pa nkhondo, Stiltzkin akusimba zimene waona m'njira. Mwina unadabwa kuti nchifukwa chiyani timoogle timatuma iwe, mlendo wongodutsa, m'malo motuma wamtengatenga wawo. Nkhani yake ndi yoseketsa, ndipo ngakhale ili kutsogolo kwambiri ndikuuza pang'ono. Wamtengatengayo dzina lake ndi Artemicion, ndipo amakonda kutchena. Ku likulu la Mognet kuli makina oyendetsera makalata amene amafuna mafuta apadera otchedwa Superslick, koma iye anatenga mafutawo nkumadzola pa ubweya wake kuti uziwala, mpaka anatha onse, makina nkuima, makalata a dziko lonse nkusiya kuyenda. Udzafunika kuyenda mtunda wautali kuti upeze mafuta ena. Ine Artemicion sindimuda, ngakhale anachita zopusa, chifukwa pamene ankagwira bwino ntchito yake palibe amene ankadziwa ngakhale dzina lake.

Ndatsala pang'ono kuiwala za banja lija la timoogle la m'phanga la Gizamaluke, limene wadutsamo posachedwapa. Unamuona Mogmi akulira pafupi ndi chibelu chimene chinavindikira mwamuna wake Moguta, iwo atangokwatirana kumene? Palibe amene akanatha kunyamula belulo, ngakhale Freya ndi mkondo wake. Chimene chinamupulumutsa ndi mtedza umodzi wa kupo umene Vivi anaupeza ku Lindblum, pakuti Moguta atangodziwa kuti kunja kuli mtedzawo, anapeza mphamvu zimene sankadziwa kuti ali nazo, nkudzitulutsa yekha. Unaseka? Ine pamenepa ndimaseka nthawi zonse. Ukamapereka makalata, nthawi zina uzilandira mtedza woterewu, ndipo ukabwerera nawo kwa Moguta adzakupatsa kanthu. Ukadzapitako patapita nthawi udzapeza kuti m'banjamo mwabadwa ana.

Amayi ako anandiuza kuti unalira pamene Blank, mnzake wa Zidane uja, anasanduka mwala, ndipo usiku umenewo unavutika kugona. Usachite manyazi, pakuti malo amenewo ndi omvetsa chisoni ngakhale kwa akuluakulu. Blank si mmodzi mwa anthu asanu ndi atatu amene umayenda nawo mpaka kumapeto, ndipo anzako aja mwina anamuiwala kale, koma ndi iye amene anakankha Zidane kuti asagwidwe, ndiponso ndi iye amene anamuponyera mapu nkhalango ikuuma kumbuyo kwawo. Popanda mapu amenewo ulendo ukanakhala wovuta kwambiri. Sindikuuza zonse, koma dziwa kuti mnzake Marcus sanamutaye, akufunafuna mankhwala omubwezera, ndiye ugone ndi mtendere.

Za Cid ndiye ndikufuna kumva maganizo ako. Mfumu ya mzinda waukulu ngati Lindblum, katswiri wopanga zombo zouluka, nkupezeka ali kachilombo kodumphadumpha kotchedwa oglop, ndevu zokha zitatsala! Anamusandutsa ndi mkazi wake Hilda chifukwa anamulakwira, ndipo ali choncho nzeru zake zopangira zombo sizigwira bwino ntchito. Masewera a Final Fantasy anayamba ku Japan mu 1987, ndipo gemu iliyonse imakhala ndi dziko lake ndi ngwazi zake zatsopano, kotero kuti Zidane sumupeza mu yachisanu ndi chiwiri, ngakhale Cloud wa mmenemo sumupeza mu yakoyi. Koma kuyambira gemu yachiwiri ya 1988, pafupifupi iliyonse imakhala ndi munthu wotchedwa Cid, kawirikawiri wodziwa za makina ndi zouluka. Mu gemu yomweyo ya 1988 ndi mmene munayambira chocobo, chimbalame chachikasu chimene anthu amakwera, ndipo timoogle tinabwera mu yachitatu, mu 1990. Ngwazi zimasintha gemu iliyonse, koma amene amakunyamula, kukuulutsa ndi kukusungira ulendo ndi omwewo zaka zonsezi. Kodi Choco, chocobo wa mu gemu yakoyi, unamupeza kale m'nkhalango yake pamodzi ndi kamoogle Mene? Ukaona mapazi a mbalame pansi, ugwiritse ntchito masamba aja otchedwa Gysahl Greens, adzabwera, ndipo uli pamsana pake zilombo sizikuvutitsa. Amadziwanso kukumba chuma ndi mlomo wake, koma usataye Loweruka lonse pa zokumbazo.

Agogo anandiimbira okha sabata yatha, ndipo akuda nkhawa ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi maso ako, akuti umayandikitsa tabuleti kumaso ndiponso umasewera mumdima. Pamenepa ali ndi zoona, ndipo ine ndagwirizana nawo, choncho uzisewera kukuwala, ndipo akanena kuti basi, upeze kamoogle, usunge, uzimitse osanyinyirika. Chachiwiri, anaona Vivi akutulutsa moto m'manja, ndiye akufunsa kuti ndi zamatsenga zanji zimene ndinakusiyira. Ndinawafotokozera kuti ndi nthano chabe, koma ndikuganiza kuti angamve bwino utawafotokozera wekha. Uwaitane akhale pafupi nawe, uwaonetse banja la Moguta ndi kalata imodzi ya timoogle, amayi ako awamasulire.

Undiyankhe ndi dzanja lako pa pepala, amayi ako ajambule anditumizire pa WhatsApp. Undiuze kuti wakumana ndi timoogle tingati ndi mayina awo amene ukukumbukira, ngati unagula kwa Stiltzkin, ndiponso zimene anzako ayankhe ukawafunsa za Blank. Undijambulirenso Cid ali kachilombo, ndevu usaiwale. Kodi dzino lija linkagwedera linatuluka? Nanga nsapato zasukulu zikukukwanabe? Mphatso yako ndatumiza kudzera kwa amayi ako, ndipo keke umugawireko mchemwali wako. Upereke moni kwa agogo ndi onse pakhomopo.

Ndine malume ako okukonda.