Ofuna ntchito yogulitsa nyumba, funsani kaye musanasaine

Akonzi,

Ndipatseniko mpata ndilankhule ndi achinyamata athu kuno ku Johannesburg amene akufuna kulowa ntchito ya uejenti wa nyumba. Ambiri akuthamangira kampani imene yawalonjeza gawo lalikulu la komishoni, osafunsanso china. Zimenezi zikundidetsa nkhawa kwambiri.

Yambani ndi mapepala. Kuchokera pa 1 February 2022 ntchitoyi ikuyendera lamulo la Property Practitioners Act, ndipo woyang'anira ndi bungwe la boma la PPRA (Property Practitioners Regulatory Authority), lija linalowa m'malo mwa bungwe lakale la EAAB. Wopanda Fidelity Fund Certificate, chiphaso chogwirira ntchitoyi chimene PPRA imapereka, saloledwa kulandira komishoni, ngakhale atagulitsa chinyumba cha ku Sandton. Kampani nayonso iyenera kukhala ndi yake. Pemphani akuonetseni, palibe chamwano pamenepo.

Koma nkhani yaikulu ndi ya munthu wokuphunzitsani. Watsopano amagwira ntchito pansi pa wina wodziwa, uku akuwerengera satifiketi ya maphunziro a ntchitoyi ya NQF 4 ndi mayeso a PPRA otchedwa PDE. Ndiye funsani kuti munthuyo ndani, ndipo ali ndi ophunzira angati. Kodi adzakhala nanu pamene wogula akusaina offer to purchase, pepala la mgwirizano wogula nyumba? Chiganizo chimodzi cholakwika m'pepala limenelo chingagwetse malonda onse.

Ndalamanso zimachedwa, abale anga. Komishoni imatuluka nyumba ikalembetsedwa m'dzina la wogula ku Deeds Office, ofesi ya boma yosunga kaundula wa eni malo ndi nyumba, mwina patatha miyezi iwiri kapena itatu, ndiye kuti banki yavomera ngongole ya wogula. Tinene kuti mwagulitsa nyumba ya R900,000 pa 5 peresenti. Ndi R45,000 imeneyo, ndipo mukagawana pakati mutsala ndi R22,500, msonkho usanadulidwe. Nthawi yonse yodikirayo petulo akufunika, lendi ikufunika, kumudzi nako foni ikulira. Makampani ena opereka gawo lalikulu amakulipiritsani desk fee, ndalama yogwiritsira ntchito ofesi yawo, mwezi ndi mwezi, mwagulitsa kaya simunagulitse, ndipo zikwangwani ndi zotsatsa nyumba pa webusayiti ya Property24 zimachoka m'thumba mwanu.

Ine ndinasankha kampani yaing'ono ya kuno kumwera, yogawana pakati, chifukwa ili ndi nyumba zambiri za lendi ku Rosettenville ndi Turffontein. Kupezera eni nyumba alendi kumabweretsa kangachepe msanga, ndipo mayi amene amandiyang'anira amayankha foni ngakhale Lamlungu madzulo. Amene chitupa chake sichimulola kugwira ntchito m'dziko muno akonze kaye chimenecho asanapite kukampani iliyonse.

Wowerenga wanu,
Rosettenville, Johannesburg